Kafupa ka Pamphuno pa Lezina

Magetsi apita, ndipo musadzivute kuyang'ana babu, lero sabwera. Sendezani mipando kufupi ndi mbaula ndikuuzeni za Lezina wa ku Biwi. Koma amene ali ndi chizolowezi choseka nkhope za anzake ayambe watseka pakamwa, chifukwa nkhani imeneyi inayamba ndi kuseka.

Lezina anali mwana wachiwiri wa mayi Nachisale a ku Linthipe, mayi wosaona. Maso awo anazima Lezina ali wakhanda. M'masiku oyambirira a mdimawo, asanaizolowere nyumba yawo yomwe, anatuluka tsiku lina mwana ali m'manja n'kumugunditsa nkhope pa felemu la chitseko. Mwana analira, magazi anatuluka, bala linapola, koma pamsana pa mphuno panatsala kafupa kotumphuka, kochepa kuposa njere ya chimanga. Munthu wamaso sakanakaona pokhapokha mutamulozera. Nachisale ndi amene ankakadziwa. Ana awo ankawazindikira ndi chala chachikulu cha kumanja. Elube, woyamba kubadwa, ankamugwira khutu lomwe linali long'ambika pang'ono kunsonga. Lezina ankamutsetsereza chala kuchokera pamphumi mpaka chikaime pa kafupako, ndipo chikaima ankaseka n'kunena kuti, "Ndiwe wanga iwe, ndinakudinda ndekha." Atakalamba makutu nawo anagontha, moti chala chija chinatsala chokha. Ukafika pakhomo pawo, kaya wachokera kudimba kaya ku Joni, moni wako unali kugwada n'kupereka nkhope.

Tsono Lezina ali Fomu 1 ku sekondale yogonera konko, mtsikana wina wa pakamwa posapola anamuyang'ana m'chipinda chodyera n'kunena mokweza kuti anthu ena akamamwa tiyi, mphuno ndi imene imayamba kulawa. Anzake anaseka, belu linalira, onse anaiwala. Lezina yekha sanaiwale. Madzulo ake anaima pagalasi, ndipo anaona chimphuno chachikulu, chopindika, chokhala ndi chitunda pakati. Kuyambira tsiku limenelo sanaonenso china.

Ine ndinamuona ndi maso angawa, ndipo sindinama. Anali mkazi wokongola, wakuda bwino, wa kampata kumano. Mphuno yake inali mphuno basi, yofanana ndi ya amalume ake onse. Koma kamuuzeni zimenezo! Ankayenda ndi kagalasi m'chikwama, ndipo kakasowa ankadziyang'anira kumsana kwa supuni kapena pa windo la galimoto ya eni ake. Akamayankhula nawe dzanja linali pankhope ngati akuyasamula. Pa ukwati anthu akamasonkhana kuti ajambulitse, iye ankapezeka kuseri akutsuka mbale. Mwamuna wina wabwinobwino anamufunsira, iye anakana, ati munthu wanzeru sangakonde nkhope yotere, ndiye kuti akungofuna kumuseka. Nthawi ya mliri wa Kovidi ija, enafe tikudandaula kuti mamasiki akutibanikitsa, Lezina ndiye anapuma. Mliri unatha, tonse tinavula, iye anapitiriza kuvala. Ukamufunsa ankati ali ndi chimfine, chimfine cha chaka ndi chaka.

Pa geni ndiye anali katswiri. Ankaoda zikwama ndi nsapato ku Joni n'kumagulitsa m'maofesi mu Lilongwe, ndipo ankachita lendi chipinda chakumapeto pa mdadada wa nyumba za mayi Kachingwe, mayi wamasiye wa mawu okhuthala koma wamtima wabwino. Zinthu zitayamba kumuyendera, Lezina anapita kwa dokotala wina wamkazi mumzinda momwemo kukapempha kuti amuchite opaleshoni yochepetsa mphuno. Dokotalayo anamuyeza, anamufunsa mafunso ambiri, kenako anamuuza mosapsatira kuti mphuno ilibe vuto. Anati alipo matenda odziwika amene amachititsa munthu kuona chilema pathupi pake pamene palibe, ndipo mpeni suwachiza chifukwa sali m'mnofu. Anati ambiri amene amadulidwa amadzuka n'kuonabe chomwe chija pagalasi, ena mpaka kudulitsa kawiri katatu. Anamupempha kuti ayambe wakumana ndi alangizi a zamaganizo. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma Lezina m'mawu onsewo anangomvamo limodzi, lomwenso dokotala sananene, lakuti misala. Anatuluka osatsanzika.

Ku Joni anapeza wina amene sanafunse mafunso. Chipatala chake chinali chonyezimira ngati hotela. Anamujambula, anamuonetsa pa kompyuta mphuno yosalala, Lezina analira ndi chimwemwe. Anamugoneka tulo, anapala kafupa kaja, anasoka, anamata pulasitala.

Adakali chigonere m'chipinda chomwe ankafikira, nkhope itatupa, m'munsi mwa maso mutada ngati wamenyedwa ndi achiwembu, foni inalira. Anali Elube. Anati amayi adwala kwambiri, sakudya, ndipo akungofunsa za iye. Lezina sanachedwe ayi, tisamunamizire. Anakwera basi tsiku lotsatira, nadutsa Zimbabwe, nadutsa Tete, nalowa pa chipata cha Dedza. Ndipo mukudziwa nonse kuti basi yochokera ku Dedza kupita ku Lilongwe imadutsa pa Linthipe penipeni. Inaima kumene, kutsitsa mayi wina wa katundu wambiri. Pawindo Lezina ankaiona njira ya kwawo, ndi mtengo wa mango womwe amakhoterapo. Anagwira chikwama kuti aimirire. Kenako anaganiza za anthu odzazonda matenda atadzaza pakhonde, onse kutembenuka kumuyang'ana. Anaganiza zogwada pamphasa n'kupereka nkhope ya mapulasitala ku chala chija. Anachisiya chikwamacho. Anadzifunditsa chitenje kumutu, basi inanyamuka.

Manyazi anapha lambe, anatero akuluakulu. Atafika ku Biwi analowa m'nyumba, anatseka makatani, natumizira Elube uthenga woti katundu wake wagwidwa ku Tete, afika zikangotheka. Mumtima ankati nkhope ikangophwa apita. Nkhope sinaphwe msanga. Sabata isanathe, Nachisale anamwalira.

Elube ndi amene anamufotokozera pafoni mmene zinathera, akulira. Anati masiku omalizawo amayi ankagona chagada dzanja lamanja lili m'mwamba, chala chachikulu chikuyenda pachabe. Aliyense wolowa m'nyumbamo, kaya ndi amayi a kumpingo kaya ndi ankhoswe, ankayamba wamugwira nkhope, n'kumukankha pang'onopang'ono. Amayi osambitsa mtembo anayesa kupinda chalacho, chinakana, mpaka anangochikulunga m'nsalu chili chiimire. Lezina ankamvetsera atakhala pansi kuseri kwa chitseko chake, ataluma chitenje kuti oyandikana nawo asamve kulira. Kumaliro sanapitenso. Bodza lija linali litamumanga, komanso pamaliro ndi pamene anthu amayang'anitsitsa nkhope ya mwana wa malemu. Anaika maliro iye kulibe. Tsiku lometa, ana ndi adzukulu onse anametedwa monga mwa mwambo, kuti wopitayo adziwe kuti ake amutsanzika. Mutu umodzi wokha unasowa.

Chodabwitsa choyamba chinali kusowa kwa ndodo. Nachisale ankayendera ndodo yansungwi yokhala ndi kachitsulo ka paipi kunsonga, ndipo anthu anaisiya pamtumbira pamodzi ndi kapu yawo. Elube anaimba kufunsa ngati ndi mwano wa ana kapena chiyani, chifukwa kapu ilipo koma ndodo palibe. Lezina anayankha kuti mwina ndi abusa a mbuzi.

Patapita masiku, mayi wogulitsa tomato pamphambano yolowera kwa a Kachingwe anabwera ndi nkhani. Anati chisisira, akulongedza, panafika gogo wina wosaona, wovala nsalu yatsopano koma kumapazi kuli dothi lofiira ngati wayenda ulendo wautali. Gogoyo sanapemphe ndalama, sanapemphe chakudya, anangopempha kuti amugwire kumaso. Mayi wa tomato, pomva chisoni, anawerama. Anati chala chake chinali chozizira ngati botolo lotuluka m'firiji. Chinatsetsereka pamphuno, ndipo gogoyo anangoti pepani mayi, n'kumapita. Atawerama kuti anyamule dengu n'kudzukanso, msewu wonse munalibe munthu, koma ndodo inkamvekabe, kho, kho, kho. Anthu a pamdadada anaseka, ati amayi inu tomato wakulowani m'mutu. Lezina anamva zonse kuseri kwa katani, ndipo sanaseke.

Kenako panabwera fungo. Kukamada, pabwalo ponse pankamveka fungo la utsi wa nkhuni losakanikirana ndi fodya wopera uja amanunkhiza amayi akale. Pamdadada ponse panalibe wophikira nkhuni, panalibenso wonunkhiza fodya. Akazi ankatulukira pakhomo akununkhiza m'mwamba n'kumafunsana. Lezina yekha sankamva kanthu, chifukwa chichitireni opaleshoni mphuno yake inali isanayambenso kumva fungo. Anangomva ndi makutu mayi Kachingwe akunena mtundu wa fodyayo, ndipo anakumbukira kabotolo komwe amayi ake ankamanga pakona ya nsalu.

M'mawa wina mayi Kachingwe akusesa anaona mzere pakhoma. Khoma lawo linali lopaka laimu, loyera mbee, ndipo mzerewo unali wa dothi lofiira, wa zala zinayi, wofika m'chiuno mwa munthu. Unayambira pageti n'kukathera pa chitseko choyamba. M'chipinda chimenecho munkakhala kondakitala wa minibasi, mnyamata wa makani woti kutukwana kwake kunkamveka mpaka ku depoti. Tsiku limenelo anatuluka ali phee, maso ali ofiira. Atamuumiriza anati anadzidzimuka kutulo wina akumusisita pamphuno, ndipo thupi lonse linauma. Chimene chinamuopsa kwambiri, anatero, si kugwidwako ayi, koma ulemu wake, poti chinthucho chinamupepesa chisanatuluke. Madzulo ake anasamukira kwa mnzake ku Mchesi.

Mayi Kachingwe anapukuta mzerewo ndi chisanza chonyowa. Kutacha unabwereranso, ndipo unali utatalika mpaka pa chitseko chachiwiri, pomwe pankakhala mphunzitsi ndi mkazi wake. Onse awiri anagwidwa. Anaitana anthu a mapemphero, anaimba, anawaza madzi m'makona, koma kutacha mzere unali pa chitseko chachitatu. Agalu a pamalopo, omwe ankauwa ngakhale pepala louluka, ankangolowa pansi pa thandala kukangoyamba kuda. Ana analetsedwa kusewera panja. Panalibe amene anavulazidwa, panalibe chobedwa, koma anthu anasiya kucheza pabwalo, ndipo aliyense podutsa ankaba kuyang'ana chitseko chakumapeto chomwe makatani ake sankatsegulidwa.

M'masiku omwewo kutupa kunali kutatha. Lezina anamatula pulasitala womaliza n'kuima pagalasi. Abale anga, chimphuno chija chinali pomwepo. Chachikulu, chopindika, mwinanso kuposa kale. Anatembenukira uku, anatembenukira uko, anayatsa tochi ya foni, chinali chomwecho. Mawu a dokotala wa ku Lilongwe uja anamubwerera onse, limodzilimodzi. Anakhala pabedi, ndipo kwa nthawi yoyamba anadzifunsa kuti kodi chimene anasiyira amayi ake kufa dzanja lili m'mwamba n'chiyani kwenikweni.

Mzere utafika pa chitseko choyandikana ndi chake, mayi Kachingwe anagogoda masanasana, ndipo sanadikire kuuzidwa kuti lowani. Anakhala pampando, kenako anati, "Mwana wanga, ine si mwana. Ndakumva ukulira maliro m'nyumba muno, ndipo kumaliro sunapite. Amene akuyenda panoyu akufuna munthu wake. Tonse tagwidwa kale, nanenso dzulo. Watsala iwe."

Lezina anaulula zonse, za ku Joni, za basi pa Linthipe, za Tete wabodza. Pomaliza anavula masiki kuti mayiwo aone okha. Mayi Kachingwe anasendera pafupi, anatsinzinira diso limodzi, anamutembenuza chibwano kuloza kuwindo. Kenako anafunsa, osati mwachipongwe koma mofunadi kudziwa, kuti kodi adokotalawo adula pati, poti iwo sakuona chasintha.

Lezina akanatha kuthawa tsiku limenelo. Anali ndi anzake ku Area 25, analinso ndi pasipoti. Koma anatopa nako kubisala. Anasesa m'nyumba, anayala mphasa monga ankachitira kwawo, anasiya chitseko chosakhoma. Tsiku lonse ankakonza mawu oti akanene. Ankayembekeza ukali. Ankati amayi amufunsa kuti unali kuti, mwina amumenya mbama, mwina amutemberera, ndipo zonsezo anali atavomera mumtima mwake, bola amukhululukire pamapeto n'kupita kukagona mwamtendere.

Kutangoda magetsi anazima ngati leromu. Pamdadada ponse panali zii, ngakhale wailesi. Lezina anagwada pamphasa, masiki atavula, nkhope atakweza. Anadikira mpaka mawondo anachita dzanzi. Ndiye inamveka kugeti. Kho. Kho. Kho. Pamodzi ndi ndodoyo pankamveka kukhwekhwereza kwa zala pakhoma. Inadutsa chitseko choyamba osaima, chachiwiri osaima, inkabwera mosafulumira, monga ankayendera mwini wake popita kuchitsime. Inafika pakhomo pake n'kukhala chete. Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono, ndipo m'nyumba munalowa kuzizira kwa m'mawa wa mwezi wa Juni ku Dedza.

Sanaone kanthu, munali mdima wa ndiweyani. Anangomva nsalu yatsopano ikukhwaya pafupi, ndi mpweya wa munthu wotopa. Dzanja linatera pamutu pake, linapapasa tsitsi losameta lija, linatsikira pamphumi. Misozi inali ikuyenderera kale m'masaya mwake. Chala chachikulu chinapeza pakati pa nsidze n'kuyamba kutsetsereka, njira yomwe chinayenda kuyambira iye ali wakhanda. Chinatsetsereka, chinatsetsereka, osapeza poima, mpaka chinagwera kunsonga.

Chinabwerera pamwamba. Chinatsikanso, tsopano mosindikiza, chikufufuza mbali iyi ndi iyo. Chinaima pamalo penipeni pomwe pankakhala kafupa, chinazungulira pamenepo. Lezina anafuna kuyankhula, mawu onse omwe anakonza aja, koma manyazi anamuletsa. Dzanja linachoka.

"Pepani mayi, ndakuvutitsani," anatero mawu a amayi ake, ofatsa, aulemu, omwe ankayankhulira alendo. "Ndikufuna mwana wanga. Ali ndi kafupa apa."

Ndodo inagunda pansi, inatembenuka. Pamenepo m'pamene Lezina anafuula. "Amayi! Ndine! Ndine Lezina, amayi!" Anakuwa mpaka mdadada wonse unamva, mpaka mayi Kachingwe anayamba kulira m'nyumba mwawo. Koma Nachisale anali atagontha kalekale asanafe. Lezina anakwawa kuti agwire nsalu, m'manja munangotsala kuzizira. Anathamangira panja. Ndodo inali kale kuseri kwa mpanda, ikulowera ku nyumba za eni ake, kho, kho, kho.

Kutacha Lezina anaimba foni ku chipatala chija cha ku Joni kufunsa ngati anasunga chimene anachotsa. Mtsikana wolandira alendo sanamvetse, mpaka anamubwereza kawiri. Kenako anayankha mwaulemu kuti fupa lotere amachita kupala, limatuluka ngati fumbi, ndipo zonse amaotcha tsiku lomwelo. Anawonjeza kuti ngati sanakhutire ndi mphunoyo atha kubwera adzaikonzenso.

Lezina anapita ku Linthipe tsiku lomwelo, nkhope ili poyera. Anagwada pamaso pa Elube n'kunena zonse, osasiyako. Elube sanatukwane. Anamuyang'ana mng'ono wakeyo kumaso nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye unatisiyira amayi chifukwa cha chiyani? Nkhope ndi yomwe ija." Mawu amenewo anamupweteka kuposa mbama. Akuluakulu anamumeta yekha, mochedwa, kuseri kwa nyumba. Miyezi itapita anafulula mowa, anameta kachiwiri monga zimakhalira kuti mzimu ukhazikike, anatchula dzina la Lezina pamanda mokweza kuti wabwera, wagwada, nayu. Zonse zinachitika mwadongosolo lake. Koma ndodo sinabwerere pamtumbira.

Lezina anabwerera kwa dokotala wamkazi uja, mutu uli pansi, ndipo masiku ano amapita kwa alangizi. Akuti galasi layamba kumusiya pang'onopang'ono. Masiku ena amadziyang'ana n'kuona mphuno wamba, ndipo amati masiku amenewo ndi amene amalira kwambiri. Ku Biwi sanasamuke, ngakhale ena onse a pamdadada paja anachoka.

Makala azilala, tiyeni tizikagona. Koma mukadzagona ku Biwi, ku Mchesi kapena ku Kawale, n'kudzidzimuka chala chozizira chikutsetsereka pamphuno panu, musakuwe ndipo musatukwane. Ndi mayi wokalamba chabe, watopa, akupepesani n'kupitirira. Akamaliza nyumba zonse amayambiranso, ndipo pakapita nthawi amafikanso pa chitseko chakumapeto kwa a Kachingwe. Amachipeza chosakhoma, mphasa yoyala, munthu atagwada. Akuti pa nkhope zina zonse chalacho chimangodutsa kamodzi, koma pa imeneyo chimachedwa, chimabwerera, chimazungulira. Lezina amapuma mosamveka, kudikira kuti mwina lero. Kenako dzanja limachoka.

"Pepani mayi, ndakuvutitsaninso."